Chombo Pansi pa Mbatatesi

Lachiwiri m'mawa ku Flevoland,
mphepo isanadzuke bwinobwino,
ndinatsegula bokosi kumutu kwa munda
n'kutulutsa kadroni ka mapiko anayi,
kopepuka ngati thumba la mkate.

Bambo anga, a Wopke, anaima chapatali,
manja ali m'matumba a ovolosi.
"Zaka makumi anayi ndikuponda mizere iyi.
Kachiwala kakoko kandiuza chiyani
chimene jombo zanga sizikudziwa?"

Kanangoti vuu!
Kanapita, kanabwera, kanapitanso,
ngati singano pa msoko wautali,
kakutola kuwala kumene diso lathu silikuona:
kuja tsamba limabweza likakhuta,
kuja limayamba kumana likadwala,
masiku ambiri lisanachite chikasu.
Batire itatopa, kanatera pa udzu
ngati sikanaone kanthu.

Madzulo, khofi atazizira pa tebulo,
kompyuta inalumikiza zithunzi mazana asanu ndi limodzi
kukhala mapu amodzi.
Apa feteleza wachepa.
Apo paipi ikudontha.
Zimenezo ndinkaziyembekeza.

Koma chakumpoto, kufupi ndi ngalande,
pakati pa kubiriwira konseko
panagona banga lofiira,
losongoka kutsogolo, lotakata pamimba,
mamita makumi awiri kutalika kwake.

Bambo anavala magalasi.
Anavula. Anapukuta ndi malaya. Anavalanso.
"Tjitske," anatero chamumtima,
"ichi ndi chombo."

Nthaka inotu ndi mng'ono wawo wa bambo.
Iwo akukwawa, pano panali nyanja.
Anthu anamanga khoma, anapopa madzi,
matope anauma, kunabwera thirakitala.
Mpaka lero khasu limafukula zigoba za nkhono
ndipo palibe amadabwa.

Kutacha tinapita ndi fosholo.
Ine ndinatsata manambala pa foni,
iwo sanayang'ane n'komwe, miyendo inkadziwa njira.
Tinakumba kufika m'mawondo.
Gu! Thabwa lakuda bii,
lofewa ngati chiwindi,
msomali wodyedwa ndi dzimbiri,
ndi kaliwo wadongo wothyoka pakhosi,
amene wina anasuta komaliza
usiku wina wa namondwe
umene palibe anatiuza.

Mizu ya mbatatesi inali itafika pa thabwalo
n'kukhotera m'mbali, yopiringizika
ngati zala za munthu wogogoda
pa chitseko chosatseguka.

Bambo anakhala pansi, pamatope pomwepo.
"Malo ano sanandipatsepo zokwanira.
Ndinanena mbewu. Ndinanena mvula.
Chaka china ndinachotsa ntchito mnyamata wa ku Urk,
ati sanathire manyowa mokwana.
Dzina lake Lubbert.
Analira pa geti paja."

Sindinayankhe.
Mapu alibe mtundu wosonyeza zimenezo.

Anabwera a boma ndi zingwe zoyezera,
anajambula, analemba, anakwiriranso,
natipempha tisamalime mozama pamenepo.
Za eni chombo sanadziwe kanthu:
kaya ankanyamula njerwa, kaya nsomba,
kaya anasambira n'kufika.

Tsopano mapu ndinawalowetsa mu thirakitala.
Imawaza mochuluka pamene pali njala,
pang'ono pamene pakhuta,
ndipo ikafika chakumpoto kuja
timipopi timatsekeka tokha.
Mamita makumi awiri a zii.
Kenako tsiii, ntchito ipitirira.

Sabata yatha ndinawapeza bambo m'shedi
akufufuza m'buku lakale la malipiro,
chala chikutsika pa mayina,
foni ili pambali.
Sindinafunse ngati nambalayo ikugwirabe.

Lero apempha okha chowongolera.
Zala zawo n'zazikulu, zikudina mabatani awiri nthawi imodzi,
kadroni kakudzandira ngati mwana wa ng'ombe.
"Ndikakweza bwanji?"
Ndawasonyeza.
Kakwera, kachepa, kasanduka kadontho
pamwamba pa munda umene ankati amaudziwa.

Ayang'ana pa galasi nthawi yaitali.
Pakona pa chithunzi pali timadontho tiwiri,
kena kovala chipewa.
"Ameneyo ndine?"
"Ndinu."
"Ha. Kuchepa konseku."